Malichero kapena maluwa: njira ziwiri zokongoletsera nokha malo a ukwati

Komiti ya ukwati ikakhala pansi kuwerengera ndalama, mkangano sumachedwa kufika pa zokongoletsa malo. Chakudya palibe angachitsutse. Holo kapena tenti n'zosathawika. Koma wokongoletsa akangotumiza mtengo wake, amalume amene akusunga thumba amavula magalasi n'kufunsa ngati nsalu zimenezo tidzapita nazo kunyumba ukwati ukatha. Funsolo n'lomveka. Nsalu zonyezimira, maluwa apulasitiki ndi mabaluni zimachokera kunja, ku China, ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake inakwera osatsikanso. Mabanja ambiri tsono akumakongoletsa okha, ndipo njira zimene zagwira mitima ya achinyamata ndi ziwiri. Ina ndi yachikumudzi, ya malichero, nsungwi ndi miphika yadothi. Inayo ndi ya m'munda wa maluwa, ya kapinga, mthunzi ndi zobiriwira.

Zonse ziwiri zinatipeza kudzera pa foni, m'zithunzi za pa Pinterest ndi Instagram. Ku America ndi ku Britain ukwati wachikumudzi amachitira m'nyumba zikuluzikulu zamatabwa zosungiramo chakudya cha ziweto, alendo atakhala pa mitolo ya udzu womangidwa ndi makina. Ife nyumba zoterozo tilibe. Chapafupi ndi chigafa cha fodya, ndipo sindikhulupirira kuti alipo mkwatibwi angalole kulowamo ndi diresi loyera. Wofuna chikumudzi kuno ayenera kusiya chithunzi cha pafoni n'kuyang'ana zimene zili kuseri kwa khitchini ya agogo ake. Njira ya m'munda imakopereka mosavuta, chifukwa mitengo ndi maluwa a m'zithunzizo zinafika kuno kalekale. Munda wa zomera wa ku Zomba unayambidwa mu 1891 ndi Alexander Whyte, ndipo jakaranda ndi bougainvillea, zonse zochokera ku South America, zinazolowera dothi lathu mpaka ana amaziyesa zachilengedwe cha konkuno.

Poziyerekeza, anthu amathamangira kufunsa yotchipa ndi iti. Ine ndimayamba ndi funso la nthawi: thukuta lidzatuluka liti, ndipo lidzatuluka mwa yani? Chikumudzi chimadya masabata a m'mbuyo, pamene aliyense akadali ndi mphamvu ndiponso mtima wabwino. Munda umasunga ntchito yake yambiri mpaka m'bandakucha wa tsiku laukwati, nthawi imene amayi ali pa moto, atsikana ali ku saluni, ndipo galimoto yokhayo imene banja lili nayo yapita kukatenga apongozi ku depoti.

Zipangizo za chikumudzi pafupifupi zonse ndi zouma kale, choncho sizifota. Malichero ndi nsengwa mungathe kugula mwezi wathunthu ukwati usanafike, n'kuziunjika m'chipinda. Mikeka ndi madengu a mlaza amapezeka m'mbali mwa misewu ya ku Salima, Mangochi ndi Liwonde, ndipo wogula zambiri amanenerera mtengo bwino. Khoma la kumbuyo kwa akwati, limene okongoletsa amalipiritsa ndalama zambiri, limatheka ndi mphasa ziwiri kapena zitatu zoimika pa mitengo, n'kupachikapo malichero osiyana kukula. Luso lake lagona pa kusawandandalika ngati pa msika: aakulu atatu pakati, ang'onoang'ono akumwazikira mbali imodzi, malo ena osiyidwa opanda kanthu kuti maso apume. Chipata cholowera akwati chimamangidwa ndi nsungwi ndi chingwe cha khonje. Nsungwizo zikhale zokhwima ndiponso zouma, chifukwa zanthete zimakwinyika n'kumasula mfundo zonse, ndipo zimene zafumbwa zimathothola ufa umene umaonekera msanga pa suti yakuda. Mizati ikumbiridwe pansi ndithu, dzenje lofika m'chigongono, osangoitsamiritsa ku mipando.

Pa matebulo ndi pamene chikumudzi chimapambana mopanda khama. Ukwati wa pakati pa Meyi ndi Ogasiti umagwa anthu atangokolola, ndiye ngala za mapira, mawere, mpunga wosapuntha, chimanga chamakoko, malambe ndi thonje la ku Balaka kapena Chikwawa likadali pa nthambi yake zonse zimapezeka mwa kungopempha. Zibalobalo za paini za ku Dedza, Zomba ndi Chikangawa n'zongotola. Ngala zingapo za mapira ofiira mumtsuko waung'ono zimadzaza tebulo kuposa maluwa ogula, ndipo zidzakhala chimodzimodzi kaya mwaziika Lachitatu kaya Loweruka. Chimanga chokha muchiyang'anitsitse anankafumbwe, ndipo wodula udzu wokongoletsera asamale chitedze, poti tsiku limenelo alendo ayenera kuvina chifukwa cha nyimbo basi. Mukafuna kuikamo duwa lamoyo, kumbukirani kuti mphika watsopano umadontha thukuta n'kunyowetsa nsalu. Bisani botolo lagalasi kapena chitini cha madzi m'kati mwa mphikawo. Amene thumba lawo likulola amasakaniza miphika ya pamsika ndi mbale zingapo zopakidwa bwino za ku Dedza Pottery pa tebulo la akwati lokha, ndipo zimagwirizana.

Chiguduli chili ndi nkhani yakeyake. M'zithunzi za kunja ndicho chimayalidwa pakati pa tebulo lililonse, koma kuno matumba ambiri masiku ano ndi apulasitiki, ndipo chiguduli chenicheni chimapezeka kwambiri kwa alimi a fodya amene amamangira mabelo opita ku misika ya Kanengo, Chinkhoma, Limbe ndi Mzuzu. Chogwiritsidwa kale ntchito chimabwera ndi fungo la fodya limene silimva kuchapa kamodzi. Muchichape, muchiyanike masiku angapo, ndipo mupinde m'mphepete mwake ndi makina, apo ayi ulusi wake umathera mu mpunga wa alendo. Ine ndimaona kuti chitenje chimagwira ntchito yomweyo bwino koposa. Cha mamita awiri chikadulidwa m'litali chimakwana matebulo awiri kapena atatu, ndipo ngati banja lasankha kale chitenje cha ukwati, chochokera ku fakitale ya Mapeto ku Blantyre kapena mwa amalonda obwera nazo kuchokera ku Tanzania, kuwonjezera zidutswa zingapo pa oda yomweyo kumamanga malo onse pa mtundu umodzi. Chikhale cha mitundu iwiri kapena itatu basi. Chitenje chaphokoso pamwamba pa mkeka, pambali pa malichero, pansi pa ngala za mapira, maso amatopa.

Pali chiyeso chimodzi chimene ndiyenera kuchitchula. Timatabwa tozungulira todulidwa ku thunthu la mtengo, toikapo keke kapena makandulo, timakongola kwambiri, ndipo anyamata akapatsidwa ntchitoyo amalowa m'nkhalango yoyandikira. Lamulo la za nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, sililola kudula mitengo m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo, ndipo mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Bulugamu, malayina kapena nthambi ya mango imene inali yoti isadzidwe kale zimatulutsa timatabwa tabwinobwino. Tidulidwe msanga n'kuumira pamthunzi, chifukwa padzuwa timang'aluka.

Vuto lalikulu la chikumudzi lili m'maso mwa abale. Azakhali amene akwera minibasi kuchokera ku Ntchisi kudzaona ukwati wa mwana wa mlongo wawo m'tauni, atavala chitenje chatsopano, sanabwere kudzaona lichero. Lichero alisiya kunyumba. Zimene mwana wa ku Area 47 kapena ku Namiwawa akuziona ngati zokongola, iwo angathe kuziona ngati umphawi kapena kuumira, ndipo pobwerera akafotokoza kumudzi kuti anawo ndalama zinawathera. Izi si zoseketsa ayi, chifukwa ukwati kuno ndi wa mabanja awiri, ndipo manyazi ake amagwera makolo. Palinso nkhani ya chinkhoswe. Mtondo ndi munsi, khasu, nkhwangwa, mthiko, chipande, tsache ndi lichero lomwelo ndi zinthu zimene mabanja amapatsana pa chinkhoswe, pamodzi ndi tambala ndi thadzi, chilichonse chili ndi tanthauzo lake. Mukazidzazanso pa phwando la ukwati woyera, alendo amaona ngati mwambo uja ukubwerezedwa. Chikumudzi chimene chimalandiridwa ndi onse ndi chosankha zinthu zochepa, zatsopano, zolukidwa mwaluso, zoikidwa pa nsalu yoyera yositidwa bwino, moti aliyense aone kuti zachitika mwadala. Mtondo usiyeni ku chinkhoswe.

Munda ulibe mlandu umenewo. Kapinga wobiriwira, mipando yoyera ndi mthunzi wa mitengo ikuluikulu, palibe mlendo angazitche umphawi. Komanso malowo akakhala okongola kale, theka la ntchito latha musanagwire chilichonse. Koma theka limenelo analigwira ndi munthu wina zaka khumi kapena makumi awiri zapitazo, ndipo mumalilipira pobwereka malowo, kapena mumalipempha kwa achibale amene ali ndi bwalo lalikulu. Bwalo la kwa achibale ndi laulere pa dzina lokha. Pofika Ogasiti kapinga wa ku Lilongwe amakhala atauma, ndipo kuti adzabiriwire pa ukwati wa mu Okutobala ayenera kuthiriridwa kwa masabata ambiri ndi madzi a pampopi, amene bilu yake imadzafika kwa eni nyumba akwati atapita kale kokasangalala. Komiti yanzeru imaika ndalama ya madziyo pa bajeti kuyambira pachiyambi, kuti chibale chisadzawonongeke.

Kalendala ndiyo imalamula munda. Kuyambira Novembala mpaka Epulo zonse zimabiriwira zokha, koma mvula ya masana siyipempha chilolezo, nsapato zazitali za atsikana operekeza zimamira m'dothi, ndipo linthumbu likadutsa pansi pa mipando mwambo umaima. Juni ndi Julayi ndi ouma, komabe ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje chiperoni chimatha kugwa tsiku lililonse, alendo n'kumanjenjemera m'zovala zopyapyala. Kunyanja ndi nyengo ya mwera. Seputembala ndi Okutobala ndiyo miyezi ya jakaranda, pamene misewu ya m'mizinda yathu imasanduka yapepo, ndipo palibe wokongoletsa angapikisane ndi mtengo umodzi wa jakaranda uli pachimake. Koma miyezi yomweyo ndi ya dzuwa loswa mtengo, fumbi ndi kamvuluvulu, ndipo maluwa a jakarandawo amayoyokera pa keke, amaterera akapondedwa, ndiponso amaitana njuchi. Tebulo la chakudya liikidwe patali ndi mtengowo.

Maluwa odula ndiwo amaliza anthu. Bougainvillea ali paliponse ndipo mwini mpanda sakana mukapempha, koma akangodulidwa amayamba kugwetsa nkhope, ndipo pa dzuwa la Okutobala chipata chimene chinali chowala 8 koloko m'mawa chimakhala chitalefuka akwati asanatuluke m'tchalitchi. Ali ndi minga yoopsa kwa nsalu ya mkwatibwi. Deliya wachikasu amene amadzaza m'mbali mwa misewu mvula ikamatha amakopa maso, koma amafota msanga ndipo masamba ake ali ndi fungo lowawa. Namasupuni wa mu Shire ndi wokongola ali pamadzi pokha. Zimene zimapirira ndi masamba: bulugamu, kanjedza, ndi zomera za masamba okhuthala za m'mabwalo. Amene ndawaona akupambana ndi njira imeneyi amadzaza malo ndi zobiriwira, maluwa n'kungokhala odontheza apa ndi apo. Amadula kusanache, amadula phesi mopendeketsa, amachotsa masamba a m'munsi, n'kuimika zonse m'zidebe za madzi pamthunzi mpaka ola lomaliza. Kasupuni ka shuga ndi kadontho ka Jik m'madzimo zimathandiza. Maluwa a frangipani, amene amada akangofinyidwa, amakhala bwino akamayandama m'mbale yagalasi.

Njira yochenjera kwambiri ndi kusadula konse. Ogulitsa mbande za maluwa m'mbali mwa misewu ya ku Lilongwe ndi Blantyre amatha kugwirizana nanu mtengo wa zomera zambiri za m'machubu, ndipo ena amalola kubwereketsa. Chubu chakuda chikabisidwa m'kadengu kapena kukulungidwa ndi kachidutswa ka chitenje, chomeracho chimaima tsiku lonse osafota. Banja limene lakonzekera msanga lingathe kufesa lokha: marigold ndi zinnia amachita maluwa pakatha pafupifupi miyezi iwiri, mpendadzuwa pafupifupi itatu. Apa munda umabwereka khalidwe la chikumudzi, ntchito n'kusamukira ku masabata a m'mbuyo. Kungoti pafunika munthu mmodzi wokhulupirika wothirira tsiku ndi tsiku, ndi mpanda umene mbuzi za aneba sizingaboole.

Munda nawo uli ndi msampha wake wa chikhalidwe, ndipo ndi woopsa kuposa wa lichero uja. Zithunzi za kunja zimakonda nkhata zozungulira za masamba ndi maluwa, zopachika pa zitseko ndi kumbuyo kwa mipando. Kwathu kuno nkhata yozungulira ya bougainvillea ndi masamba obiriwira ndi imene amayi amaluka pa maliro kuti ikaikidwe pa mtumbira. Nthambi zamasamba zoyalidwa pa msewu ndi chizindikiro choti pakhomopo pagwa zovuta, ndipo oyendetsa galimoto amachepetsa liwiro, okwera njinga n'kutsika. Mtsikana wakulira m'tauni angathe kuyala masamba m'njira yolowera alendo ndi mtima woyera, koma agogo akafika pa geti adzaima kaye. Maluwa amangidwe m'mitolo yoimirira kapena m'mizere yolendewera, ndipo pa msewu pasagone tsamba.

Tsono pali perekani-perekani, imene zithunzi za pa Pinterest siziidziwa n'komwe. Phwando la ukwati wathu limatha maola ambiri anthu akuitanidwa magulumagulu, akuchimuna, akuchikazi, anzawo akuntchito, akumpingo, kudzavina akuponya ndalama. Mwambo umenewu umafuna bwalo lalikulu lopanda chopinga pakati, ndipo wokongoletsa aliyense, wachikumudzi kapena wam'munda, amene wadzaza pakatipo ndi miphika kapena zomera adzaziona zikukankhidwira kumbali nyimbo yachiwiri isanathe. Pamenepa chikumudzi chili ndi mwayi, chifukwa lichero ndi dengu ndizo kale zolandirira ndalama, ndipo mkeka woyalidwa pansi umathandiza otola. Panja mphepo imanyamula ma K50 ndi ma K100 n'kukawasiya m'maluwa ndi kuseri kwa mpanda, kumene ana a m'dera amakhala akudikira. Dengu lakuya limaposa lichero pa kapinga, ndipo tebulo la owerenga ndalama lifunika kona yotchingidwa mbali zitatu. Kuchuluka kwa anthu nakonso n'kofunika kukuganizira. Holo imalandira aliyense wamva kuti kuli ukwati, pamene munda umakakamiza makadi ndi mlonda pa geti, ndipo si banja lililonse lingapirire madandaulo a amene abwezedwa.

Za kuwala ndinene mwachidule. Dzuwa kuno limalowa isanakwane kapena itangopitirira pang'ono 6 koloko chaka chonse, ndipo magetsi sadalirika. Makandulo m'mabotolo a jamu amakongola m'njira zonse ziwiri, koma pafupi ndi mphasa, udzu wouma ndi chiguduli, m'mwezi wamphepo, ndi ngozi yeniyeni. Ku chikumudzi gwiritsani ntchito timagetsi ta sola kapena ta mabatire. M'munda makandulo alibe vuto, bola botolo likhale lalitali ndipo pansi pake pakhale mchenga.

Lolemba likafika, kusiyana kwina kumaonekera. Malichero, madengu, mikeka ndi miphika zimagawidwa kwa azakhali ndi alamu amene anathandiza, zina n'kulowa m'nyumba yatsopano ya akwati, kumene zidzagwira ntchito zaka. Zidutswa za chitenje zimasokedwa mapilo. Maluwa odula amathera kudzala tsiku lomwelo, ndipo mwini bwalo amatsala ndi kapinga wopondekapondeka ndi mabowo a zikhomo za tenti. Zomera za m'machubu zokha ndizo zimapulumuka, ngati wina akumbukira kuzithirira Lamulungu. Njira zonse ziwiri zili ndi ubwino umodzi wofanana: sizisiya mulu wa mabaluni ophulika ndiponso mapulasitiki opyapyala amene boma linaletsa mu 2015 koma akadali mbwee m'ngalande zathu.

Banja likandifunsa, ndimayamba ndafunsa mwezi ndi manja amene alipo. Ngati ukwati uli pakati pa Meyi ndi Ogasiti, alendo ndi mazanamazana, ndipo othandiza ndi anthu apantchito amene amapezeka Loweruka lokha, chikumudzi ndicho chingatheke popanda wina kulira. Chimakhululuka: lichero likapendekeka mumaliwongola, ndipo zonse zingathe kuimikidwa Lachisanu madzulo. Munda ndimauvomereza pamene malowo ndi okhwima kale, alendo ndi owerengeka, tenti ilipo ngakhale kumwamba kuli koyera, ndipo pali anthu atatu kapena anayi amene alibe ntchito ina iliyonse m'mawa wa tsikulo, osaphika, osaperekeza, osapita ku tchalitchi. Ambiri amathera pakati, madengu a mlaza okhala ndi zomera zamoyo pansi pa mtengo wa mango, ndipo zimakhala bwino ndithu. Chofunika n'chakuti komiti igwirizane msanga kuti mwini mawu pa zokongoletsa ndi mmodzi, ndipo dzina lake lilembedwe m'kope la mlembi, chifukwa Lachisanu usiku aliyense wobwera ndi chidebe cha maluwa kapena mtolo wa malichero amabweranso ndi maganizo ake a pamene ziyenera kukhala.